Wanthabwala wa ku Aarhus anandifunsa kwathu, ndipo nkhani yake yanditsatira kuntchito

A Mbewe (Herning):
Moni nonse abale ndi alongo a m'gulu lino. Ndalemba kuti ndikufotokozereni za ulendo umene ndinayenda Loweruka lapitali, komanso kuti ndimve maganizo a inu amene mwakhalitsa kuno ku Denmark, chifukwa pali zina zimene zandisiya ndi mafunso. Monga ena mukudziwa, ndimagwira ntchito pa famu ya ng'ombe zamkaka kunja kwa Herning. Pa Khirisimasi yapitayi mwini famu, m'malo mwa katoni ya zakudya imene amatipatsa chaka ndi chaka, anatigulira matikiti okaonera wanthabwala ku Aarhus. Tinapita anthu asanu: mwini famu ndi mkazi wake, anyamata awiri a ku Ukraine, ndi ine, ndipo mkaka wamadzulo anatikamira mnansi wathu. Pa tikiti panalembedwa makorona 395, ndalama imene ine pandekha sindikanaitulutsa, popeza ndikaganiza zimene ingagule kumudzi mtima umakana.

Chionetsero chake n'chimene eni dziko amachitcha stand-up. Munthu mmodzi amaima yekha pa siteji ndi maikolofoni, pambali pake pali kampando ndi botolo la madzi, n'kumalankhula kwa ola limodzi ndi theka popanda zovala zachisudzo kapena mnzake womuyankha monga ankachitira malemu Izeki ndi Jakobo kwathu. Poyamba panabwera mnyamata wina wongoyamba kumene amene analankhula mphindi 15, kenako n'kubwera mwiniwake. Ine Chidanishi ndimaphunzira ku sprogcenter, sukulu ya chinenero, madzulo awiri pa sabata ndipo ndili pa modul 3, gawo lachitatu la maphunzirowo, koma pa zinthu zitatu zilizonse zimene ananena ndinkamvapo chimodzi. Amalankhula mothamanga, mawu amawameza theka, ndipo pamene ndikuti ndigwire tanthauzo la chiganizo, anthu aseka kale ndipo iye ali pa nkhani ina. Zimene ndinazimva bwino ndi za store bededag, tsiku lapemphero lija boma linalichotsa pa masiku atchuthi kuyambira 2024, za kuvuta kwa MitID, chiphaso cha pa intaneti, ndi za anthu a ku likulu København amene akafika ku chigawo chathu chino cha Jylland amadabwa kuti nakonso kuli magetsi. Pamenepo ndinaseka ndi mtima wonse, chifukwa ndi zinthu zimene nanenso ndimakhala nazo.

Vuto linabwera chifukwa mipando yathu inali mu mzere wachiwiri. Ali mkati molankhula anatsikira kutsogolo, nayamba kufunsa anthu mayina ndi ntchito zawo, ndipo atandiona anandifunsa kwathu. Nditayankha kuti Malawi, anati dzikolo amalidziwa, ndi kumene Madonna amakatenga ana, ndipo anandifunsa ngati ine ndine amene ndinatsala chifukwa ndinali wamkulu kale. Holo yonse inafa ndi phwete. Kenako anafunsa ntchito yanga, ndipo atamva kuti ndimakama ng'ombe ku Jylland anatembenukira kwa abwana anga n'kunena kuti mwina ndimamvana bwino ndi ng'ombe kuposa iwo, popeza Chidanishi cha kumadzulo kwa Jylland ngakhale eni dziko sachimva. Iyi yachiwiri inandisangalatsa, ndipo abwana anaseka mpaka misozi. Yoyamba ija inandilasa, chifukwa mayi anga anamwalira ndili ndi zaka 7 ndipo ndinaleredwa ndi agogo ku Dedza, choncho nkhani ya ana amasiye kwa ine si yoseweretsa.

Zikanathera m'holomo sindikanalemba. Koma kuyambira Lolemba abwana akumandiitana kuti "mwana wa Madonna", ndipo akumatero akumwetulira, mopanda njiru iliyonse. Ndi munthu wabwino amene sanandichedwetserepo malipiro. Kodi ndiwauze, kapena ndingopirira poti ndi chikhalidwe chawo? Ndipo kodi zionetsero zimenezi n'zoyenera ife, kapena ndi za eni dziko okha?

Mayi Nabanda (København):
Achimwene a Mbewe, pepani ndithu pa zimene zinakugwerani, komanso zikomo polemba momasuka chonchi. Ine ndakhala kuno zaka 14, ndimasamalira okalamba, ndipo zionetsero zotere ndapitako kambirimbiri ndi anzanga a kuntchito. Choyamba chimene aliyense wa ife ayenera kudziwa n'chakuti mizere iwiri kapena itatu yakutsogolo ndi ya anthu amene akonzeka kulankhulidwa. Eni dziko amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake m'malo ang'onoang'ono opanda manambala a mipando mudzaona kuti kutsogolo kumadzaza pomaliza. Ife amene khungu lathu limaonekera patali, tikakhala kutsogolo tidziwiretu kuti tifunsidwa kwathu. Pogula tikiti pa intaneti, kaya pa Billetlugen kaya pa Ticketmaster, amakuonetsani mapu a holo, ndipo ine ndimasankha pakati kapena m'mwamba, kumbali kwa kanjira.

Za Chidanishi musataye mtima. Palibe malo ovuta kumva chinenerochi kuposa pa stand-up, chifukwa nthabwala imadalira liwu limodzi lomaliza, ndipo liwu limenelo nthawi zambiri ndi la m'misewu limene aphunzitsi a ku sprogcenter salitchula. Ine ndinayamba kumva zoposa theka nditakhoza kale mayeso a Chidanishi a Prøve i Dansk 2. Chimene chinandithandiza ndi kuonera pa DRTV, tsamba la pa intaneti la wailesi ya kanema ya dziko lino, nditayatsa mawu olembedwa a Chidanishi pansi, makamaka pulogalamu ya Jonatan Spang yotchedwa Tæt på sandheden, imene imaseka nkhani za sabata imeneyo. Ndimaimitsa, ndimabwereza, ndimalemba liwu limene lasekedwa, ndipo mawa lake ndimakafunsa agogo amene ndimawasamalira. Amakondwera kwambiri kufotokozera mlendo chifukwa chake chinthu chili choseketsa.

Mtundu uwu wa nthabwala si wakale kwenikweni kuno. Unayamba kuzika mizu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 m'malo odyera otchedwa Din's mkati mwa København, ndipo anthu ngati Casper Christensen, Jan Gintberg ndi Anders Matthesen ndi a m'badwo umenewo. Okalamba anga ambiri sauikonda, amati ndi kutukwana chabe, ndipo iwo amakonda zisudzo zanyimbo zimene amazitcha revy. Ndanena izi kuti mudziwe kuti ngakhale eni dziko sagwirizana pa nkhaniyi, ndipo munthu akanena kuti nthabwala ina sinamusangalatse sanatsutse dziko lonse.

Chimene mungapindule m'holo zimenezi, chomwe sukulu singakupatseni, ndi kuzindikira kalankhulidwe kamene iwo amati ironi. Munthu amanena chosemphana ndi chimene akutanthauza, nkhope ili gwa, osaseka ngakhale pang'ono. Chaka changa choyamba mkulu wa pantchito anandiuza, nditafika mphindi 10 nthawi isanakwane, kuti zikomo pobwera ngakhale mwachedwa, ndipo ndinapita kukalira kuchimbudzi osadziwa kuti akundiyamikira. Pansi pa zonsezi pali chimene amachitcha Janteloven, malamulo 10 amene Aksel Sandemose analemba m'buku lake la 1933, ndipo mutu wake ndi wakuti munthu asamadziyese kanthu kuposa anzake. N'chifukwa chake wanthabwala amayamba wadzichepetsa yekha, kenako n'kutsitsa nduna yaikulu, banja lachifumu, abusa ndi abwana. Kwa iwo, kusekedwa kumatanthauza kuti walandiridwa pagulu. Ndikukhulupirira kuti abwana anu akuganiza kuti dzinalo ndi chizindikiro chakuti ndinu wa pakhomo. Koma kuganiza kwawo sikuchotsa ululu wanu, ndipo ine ndikuti muwauze.

Che Saidi (Odense):
Amayi a Nabanda afotokoza bwino, koma ine ndisiyana nawo pa funso lachiwiri la achimwene athu. Ndinapitako kamodzi kuno ku Odense ndi anzanga a kukhitchini ya hotela kumene ndimagwira ntchito, ndipo nthawi yopuma itakwana ndinatenga jekete langa n'kubwerera kunyumba. Chidanishi ndimachimva bwino, choncho vuto silinali chinenero. Munthuyo anatha mphindi zambiri akuseka mapemphero, a Chikhirisitu ndi a Chisilamu omwe, ndipo ziganizo zake zinali zodzaza ndi mawu otchula Satana ndi Jahena, amene kuno ndiwo matukwano a tsiku ndi tsiku. Ine ndinakulira ku Mangochi pakati pa mzikiti ndi tchalitchi, ndipo sindinamvepo munthu akuseka pemphero la mnzake pagulu n'kuomberedwa m'manja.

Ndikufuna abale adziwe mmene malamulo alili kuti asadabwe. Ufulu wolankhula uli mu ndime 77 ya Grundloven, malamulo oyendetsera dziko, ndipo eni dziko amaunyadira kwambiri, makamaka chichitikireni nkhani ya zojambula za Mneneri Muhammad zimene nyuzipepala ya Jyllands-Posten inasindikiza mu 2005. Lamulo loletsa kunyoza chipembedzo analichotsa mu 2017. Limene linabwera mu Disembala 2023 limaletsa kuchitira chipongwe mabuku opatulika pagulu, monga kuwatentha, koma silikhudza munthu wolankhula pa siteji. Pali ndime 266 b ya malamulo a milandu imene imalanga kuopseza kapena kunyoza gulu la anthu poyera chifukwa cha mtundu, khungu kapena chikhulupiriro chawo, ndipo chilango chake chimafika zaka ziwiri m'ndende, koma musayembekezere kuti nthabwala ngati imene a Mbewe anakumana nayo ingafike kumeneko. Choncho wodziteteza ndi iwe mwini. Musanapereke ndalama, lembani dzina la wanthabwalayo pa YouTube ndi kuonera mphindi zochepa, ndipo mudzadziwa ngati ndi munthu wa nkhani za banja ndi ntchito kapena wa zogonana ndi chipembedzo. Kutuluka nthawi yopuma si mwano, ndipo palibe amene anandifunsa chifukwa.

Sindikunena kuti onse ndi amodzi. Omar Marzouk, amene makolo ake ndi ochokera ku Egypt, wakhala akuseka za kukhala Msilamu m'dziko muno kwa zaka zambiri, ndipo iye akamalankhula ndimamva kuti akulankhula ali mkati mwa nkhaniyo. Kusiyana kwake kumamveka m'khutu.

A Zulu (Malmö):
Abale, ine ndine wa ku Chipata, ndimakhala ku Sweden koma tsiku lililonse ndimawoloka mlatho wa Øresund kukagwira ntchito yonyamula katundu ku Denmark, choncho nthabwala za mbali zonse ziwiri ndimazimva. A ku Denmark amaseka a ku Sweden kuti ndi amantha polankhula ndiponso kuti amawoloka nyanja kudzaledzera, ndipo a ku Sweden amabweza kuti a ku Denmark amalankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Nditangomva zimenezi ndinakumbukira chimbuya cha kwathu pakati pa Angoni ndi Abemba. Anthu amene makolo awo anamenyana nkhondo, lero amanyozana pamaliro, amapakana ufa kumaso, ndipo palibe amene amakwiya. Denmark ndi Sweden nawonso anamenyana nkhondo zambiri, ndipo dera limene ndikukhala lino la Skåne linali la Denmark mpaka 1658. Kwa inu a ku Malawi ndi chimodzimodzi ndi chisuweni, kapena adzukulu pamaliro amene amaloledwa kunena zimene wina aliyense sanganene.

Koma tonse tikudziwa lamulo la chisuweni. Msuweni amakunyoza chifukwa nawenso uli ndi ufulu womubwezera pomwepo, ndipo nonse mukudziwana mpaka kwa agogo. Wanthabwala uja anali ndi maikolofoni, anthu mazana ambiri kumbuyo kwake, ndi chinenero chake chobadwa nacho, pamene a Mbewe anali ndi modul 3. Nthabwala ya ng'ombe inali yabwino chifukwa inagwa pa abwana, amene ali kwawo ndipo angathe kuyankha. Ya Madonna inagwa pa mlendo amene sakanatha kubweza, ndiponso inatenga dziko lonse n'kulisandutsa nyumba ya ana amasiye. Ine ndimayeza nthabwala zonse za kuntchito ndi muyeso umenewu, ndipo sunandisokeretsepo. Ngati ndingathe kubweza popanda kuopa ntchito yanga, ndimaseka nawo n'kubweza. Ngati sindingathe, ndimanena.

Mayi Nabanda (København):
A Zulu mwanena chimene ine ndinkachifunafuna mawu ake. Ndingowonjezera kuti pa siteji, wofunsidwa akayankha mwachidule ndi mwaulemu, wanthabwala amapita kwa wina msanga, chifukwa iye akufuna poti agwire. Mukayankha dzina, dziko ndi ntchito m'mawu ochepa, nkhani imatha m'mphindi imodzi. Amene amavutika ndi amene amayesa kupikisana naye kapena amene amaonetsa mkwiyo.

A Kamanga (Esbjerg):
Ine ndilankhula za kuntchito kokha, popeza zionetsero sindinapiteko ndipo sindinganene kanthu. Ndagwira ntchito m'fakitale ya nsomba ndi m'nyumba zosungira katundu, ndipo ndakhala membala wa bungwe la antchito la 3F kwa zaka 9. Achimwene a Mbewe, yambani ndi njira yofewa, chifukwa mwanena nokha kuti munthuyo alibe njiru, komanso chifukwa ambiri a ife chilolezo chathu chokhalira kuno n'chomangirizidwa ku ntchito imene tili nayo, ndipo si nzeru kuyamba ndi makalata pamene mawu awiri angathetse nkhani. Musawauze pamaso pa anyamata a ku Ukraine kapena pamaso pa mkazi wawo. Dikirani nthawi ya khofi wam'mawa muli awiri, ndipo munene mwachindunji, popanda mawu ozungulira amene ife tinazolowera polankhula ndi akuluakulu. Kwathu timayamba ndi kupepesa katatu tisanafike pa mutu, koma kuno munthu ukatero amaganiza kuti nkhaniyo ndi yaing'ono. Mungathe kunena kuti "det er ikke sjovt for mig", kutanthauza kuti kwa ine sizoseketsa, kenako n'kupereka chifukwa m'chiganizo chimodzi. Eni dziko ambiri amalemekeza munthu wonena maganizo ake poyera, ndipo kuwatchula abwana ndi dzina lawo loyamba kapena kuwauza kuti "du", kutanthauza iwe, si mwano kuno.

Ngati sizisintha, m'pamene muyambe kulemba tsiku, mawu amene anenedwa ndi amene analipo. Pamalo pamene pali antchito 10 kapena kuposerapo pamayenera kukhala woimira antchito pa za chitetezo ndi umoyo, amene amamutcha arbejdsmiljørepræsentant, ndipo malo ambiri alinso ndi tillidsrepræsentant wa bungwe la antchito. Pa famu yaing'ono ngati yanu anthu amenewa kulibe, choncho mumapita ku ofesi ya 3F ya m'dera lanu ngati ndinu membala. Arbejdstilsynet, ofesi ya boma yoyang'anira malo antchito, imalandira madandaulo a kunyozedwa pantchito ndipo siulula amene wadandaula, ngakhale kuti pamalo a anthu asanu n'zosavuta kuganizira. Palinso Ligebehandlingsnævnet, imene imaweruza nkhani za tsankho ndipo kudandaula kwake n'kwaulere. Ndatchula zonsezi kuti aliyense m'gulu muno azidziwe, koma ndikuyembekeza kuti inu simudzafika kumeneko.

Chinanso chimene ndaona chikupweteka anyamata athu ndi kutola mawu pa siteji kapena pa TV n'kukawanena kuntchito. Liwu limene mwini dziko akalinena anthu amaseka, iwe ukalinena ndi kamvekedwe kachilendo, pa nthawi yolakwika, kwa munthu wolakwika, limasanduka chitukwano chenicheni. Mnyamata wina amene ndinkagwira naye ntchito anaitanidwa ku ofesi chifukwa cha liwu limene ankaganiza kuti limangotanthauza kudabwa. Mawu otere aphunzireni kuti muziwamva, koma pakamwa panu asatulukepo mpaka mutakhala zaka zambiri.

Achemwali Nagama (Aalborg):
Zikomo akuluakulu nonse. Ine ndine wamng'ono pano, ndikuphunzira ndipo madzulo ndimakonza m'maofesi, koma zionetserozi ndimazikonda ndipo ndikufuna kuziikira kumbuyo pang'ono. Sikuti nthawi zonse pamafunika makorona mazana anayi. M'mizinda ikuluikulu, København, Aarhus, Odense ndi kuno ku Aalborg, mumakhala madzulo a open mic m'mabala ndi m'malo omwera khofi, kumene ongoyamba kumene amayesa nthabwala zawo kwa mphindi zochepa aliyense, ndipo kulowa kumakhala kwaulere kapena kwa ndalama yochepa. Ambiri a iwo amalankhula pang'onopang'ono kuposa otchuka, choncho kwa wophunzira chinenero ndi malo abwino. Kumakhalanso madzulo a Chingerezi, kumene theka la oonera ndi alendo ngati ife, ndipo nkhani zake zimakhala za kudikira nambala ya CPR imene boma limapereka kwa aliyense wokhala m'dziko muno, za kusowa nyumba, ndi za manambala a Chidanishi amene amatizunguza tonse, monga halvtreds kutanthauza 50 ndi halvfems kutanthauza 90. Ku København malo odziwika ndi Comedy Zoo mu msewu wa Kompagnistræde.

Chimene chinandisintha maganizo ndi kuona Melvin Kakooza, amene banja lake linachokera ku Uganda, akuseketsa holo yodzaza ndi eni dziko ndi nkhani za kukulira m'nyumba ya makolo a ku Africa okonda kupemphera. Iye sanyoza makolo ake, amawaonetsa mwachikondi, ndipo anthu amaseka chifukwa azindikira kanthu kena ka m'nyumba zawo. Ifenso tili ndi wathu, Daliso Chaponda, amene anafika pa nambala 3 mu mpikisano wa pa TV wa Britain's Got Talent mu 2017 akuseka mmene azungu amaonera Africa. Nkhani ya Madonna yomweyo ikakhala m'kamwa mwa Mmalawi imatuluka mosiyana, chifukwa iye amadziwa pamene pali bala. Choncho ine sindikuvomereza kuti holo zimenezi ndi za eni dziko okha. Tikapanda kupitako, wanthabwala adzapitiriza kudziwa chinthu chimodzi chokha cha Malawi.

Kwa amayi ndi atsikana anzanga, nthabwala za zogonana zimakhala zambiri ndipo zina zimapitirira muyeso, koma zinthu zasinthako. Mu 2020, pa mwambo wopereka mphoto kwa anthabwala wa Zulu Comedy Galla, Sofie Linde amene ankatsogolera mwambowo anasiya zoseketsa n'kufotokoza za nkhanza zachiwerewere zimene anakumana nazo ali mtsikana pantchito ya pa TV, ndipo kuchokera pamenepo dziko lonse linayamba kukambirana za malire a nthabwala kuntchito. Anzanga a kuno amanena kuti maphwando a Khirisimasi a kuntchito, a julefrokost, sali ngati kale.

Che Saidi (Odense):
Achemwali, mfundo yanu yakuti tikapanda kupitako sadzatidziwa ndaimva ndipo ndi yolemera. Komabe ine ndikuona kuti si udindo wa munthu wotopa ndi ntchito ya maola 37 pa sabata, ndi ina yowonjezera, kukalipira ndalama kuti akaphunzitse wanthabwala za dziko lake. Amene mtima wake ukumulola apite, ndipo ine sindidzamuweruza. Ine ndidzapitiriza kuonera kunyumba kumene ndingathe kuzimitsa.

A Mbewe (Herning):
Abale, ndabweranso patapita masiku anayi kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Ndinachita monga a Kamanga ananenera. Lachinayi titamaliza kukama, tili awiri m'kachipinda ka khofi, ndinawauza kuti dzina lija kwa ine si loseketsa chifukwa mayi anga anamwalira ndili mwana. Anakhala chete kwa kanthawi, anaika kapu pansi, nanena kuti "undskyld", kutanthauza pepani, ndipo anati sanaganizepo n'komwe za mbali imeneyo. Kenako anandifunsa za agogo anga ndi za Dedza, ndipo ndinawaonetsa phiri lathu pa foni. Chigwirire ntchito pano zaka zitatu, aka kanali koyamba kundifunsa za kwathu kupitirira nyengo. Mkazi wawo atamva anati wanthabwalayo sankatanthauza choipa ndipo kuno anthu amaseka chilichonse, ndipo ine sindinatsutsane nawo, koma dzinalo silinamvekenso. Nthabwala ya ng'ombe yatsala, ndipo dzulo abwana atandiuza chinthu m'Chidanishi chawo cha kumadzulo, ndinawayankha kuti ndikafunsa ng'ombe nambala 212 kuti indimasulire. Anaseka mpaka kukhala pansi pa chidebe.

Pa funso lakuti ndidzapitanso, ndikuganiza kuti inde, koma osati mu mzere wachiwiri, ndipo osati ndisanamalize modul 4. Achemwali a Nagama, ngati mukudziwa madzulo a Chingerezi ku Aarhus mwezi wamawa, ine Loweruka lachiwiri ndili pa tchuthi.

Achemwali Nagama (Aalborg):
Ndakondwera kwambiri, achimwene. Ndifufuza ndipo ndidzaika tsiku ndi malo pano Lamlungu lisanafike. Aarhus ili pakati kwa ife a ku Aalborg, Herning, Esbjerg ndi Odense, choncho aliyense wofuna alembe dzina lake kuti ndidziwe mipando.

Mayi Nabanda (København):
Ine ndibwera ngati ndingasinthane ndi mnzanga ntchito ya Loweruka limenelo. Amene mukupita koyamba, kumbukirani kuti akalemba kapena akanena kuti "halv otte" akutanthauza 19.30, osati 20.30, ndipo chitseko chikatsekedwa malo ena salowetsanso mpaka nthawi yopuma, choncho tifike theka la ola nthawi isanakwane. Majekete akuluakulu amasiyidwa ku garderobe, kosungira zovala, ndipo kawirikawiri pamakhala kandalama kolipira, kamene amalandira pa khadi kapena pa foni ndi MobilePay. Kujambula ndi foni n'koletsedwa, ndipo wanthabwala akaona kuwala kwa foni amayamba ndi iweyo. Matikiti a sitima a DSB Orange ndi otsika mtengo mukagula msanga, koma amagwira pa sitima imene mwasankhayo yokha, choncho pobwerera musankhe ya mochedwerako, ndipo a Mbewe ndi a Kamanga muyang'ane pa Rejseplanen, tsamba la nthawi za maulendo, nthawi ya sitima yomaliza ya ku Herning ndi ku Esbjerg musanalembetse. Che Saidi, tikudziwa kuti m'holo simulowa, koma ngati mungafike masana tidzadyere limodzi nsima chionetsero chisanayambe, ufa ndibweretsa ine.

Che Saidi (Odense):
Pa nsima ndidzakhalapo, amayi, ndipo ndibweretsa usipa umene wandifikira sabata yatha. Ndidzakwera sitima ya 18.00 kubwerera ku Odense inu mukamapita kuholo.